Kuphwanya poizoni wa m'madzi otsukira masipuleya ndi dzuwa la kuchigwa

Nyengo yopopera thonje ikafika ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula, pamakhala madzi ena amene anthu sawawerengera: otsukira masipuleya, maovolosi ndi zidebe zosakanizira mankhwala. Sachuluka, mwina mgolo umodzi pa sabata pa kalabu yonse ya alimi, koma muli dimethoate, cypermethrin kapena mankhwala opha udzu. Akatayidwa m'ngalande, mvula imawakokolorera ku Shire ndi kudambo la Elephant Marsh, kumene anthu amapha nsomba ndi kumwetsa ng'ombe. Damboli linalowa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, mu 2017.

Malangizo awa ndi a madzi oterowo basi: ochepa, ooneka ngati abwinobwino, koma apoizoni. Si njira yokonzera madzi akumwa. Sinso njira yowonongera mankhwala otsala m'mabotolo kapena otha ntchito. Amenewo funsani alangizi kapena a Pesticides Control Board. Ndipo musanaganize za makina alionse, chepetsani madziwo. Botolo la mankhwala litsukidwe katatu, madzi ake alowe m'sipuleya, akapoperedwe pa mbewu yomweyo. Zotsala pamenepo ndizo zikubwera kuno.

Ufa woyera ndi ntchito yake

Ufa umene timagwiritsa ntchito ndi titanium dioxide, imene amailemba TiO2. Ndi katalisiti, kutanthauza kuti imayendetsa ntchito koma yokha siitha. Mphamvu yake pa kuwala inatchuka kuyambira 1972, pamene Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan anaonetsa kuti ikawalidwa imatha kugawa madzi kukhala mipweya ya haidrojeni ndi okosijeni. Kuwala kwa UV, gawo la kuwala kwa dzuwa losaoneka ndi maso, kukagunda kanjere ka ufawu, elekitironi (kanthu kakang'ono konyamula magetsi) imadumpha n'kusiya malo opanda kanthu. Malo amenewo amalanda elekitironi ku madzi n'kupanga tizidutswa taukali kwambiri totchedwa hydroxyl radical, pamene elekitironi yodumpha ija imatengedwa ndi okosijeni wosungunuka m'madzi. Tizidutswa timeneti timaluma molekyu ya mankhwala pang'onopang'ono mpaka itasanduka carbon dioxide, madzi ndi timichere. Timafa msanga kwambiri, choncho ntchito yonse imachitikira pakhungu pa ufawo kapena pafupi penipeni.

Apa pakutuluka zofunika zitatu: kuwala kufike pa ufa, okosijeni asathe, ndipo m'madzi musakhale zina zolanda tizidutswa tija. Vuto lililonse limene mudzakumane nalo lidzachokera pa chimodzi mwa zitatuzi.

Mtundu wa TiO2 wogwira bwino ndi anatase, umene umadzuka ndi kuwala kwa UV kumene mafunde ake sapitirira mananomita 387 m'litali. Kuwala kumeneku ndi gawo laling'ono la dzuwa, pafupifupi 4 kapena 5 pa 100 alionse. Kutentha kwa pakhungu sindiko muyeso wake. Ufa wodziwika kwambiri ndi P25, wopangidwa ndi kampani ya Evonik, kale Degussa. Muli anatase pafupifupi magawo 80 pa 100, wotsalayo ndi rutile, mtundu wina wa TiO2. Musanyengedwe ndi TiO2 wa mu penti. Ameneyo nthawi zambiri ndi rutile wokutidwa dala ndi alumina kapena silika kuti asagwire ntchito imeneyi, apo ayi penti ikanamadzidya yokha padzuwa.

Ufawu ndi wopepuka ngati phulusa ndipo suyenera kulowa m'mapapo. Poyeza valani masiki, khalani pobisika mphepo, ndipo uviikeni kaye m'kapu ya madzi ukhale phala musanauthire m'mgolo.

Gawo 1: Yesani m'mbale musanagule chilichonse chachikulu

Mufunika mbale zitatu zagalasi zosazama, sikelo yaing'ono yoyeza mpaka magalamu 0.01, ndi utoto wa methylene blue umene umapezeka m'malabotale a sukulu. Sungunulani galamu imodzi ya utoto mu lita imodzi ya madzi amvula. Tengani mamililita 20 a zimenezi, thirani m'malita awiri a madzi amvula. Mwapeza mamiligalamu 10 pa lita. Mbale iliyonse ilandire theka la lita.

M'mbale yoyamba ndi yachiwiri thirani magalamu 0.25 a TiO2. Yachitatu isiyeni yopanda ufa. Takasani zonse mumthunzi, zovindikira, kwa mphindi 30. Mudzaona mtundu ukuchepa pang'ono ngakhale dzuwa lisanagwire, chifukwa utoto wina wangomata pa ufa. Kumata si kuphwanyika, ndipo ambiri amasangalala msanga pamenepa. Kenako tulutsani yoyamba ndi yachitatu padzuwa la m'ma 10 koloko, yachiwiri ikhale mumdima. Muzitakasa pafupipafupi. Pakatha ola limodzi kapena awiri, yoyamba iyenera kukhala itayera, zinazo zikadali zabuluu. Zonse zitatu zikafanana, ufa wanuwo si woyenera.

Tsopano bwerezani, koma ndi madzi a pa mjigo wa kwanuko m'malo mwa amvula. Kusiyana kwa nthawi kumene muone ndiko mtengo wa mchere wa m'madzi anu, ndipo ndi bwino kuudziwira m'mbale kusiyana ndi kuudziwira mutamanga kale makina.

Gawo 2: Konzani madzi, poti apa ndi pamene pagona nkhani

Kuchigwa kuno dzuwa silisowa. Zimene zimagwetsa ntchitoyi ndi matope ndi mchere.

Madzi a Shire, Mwanza kapena Ruo m'dzinja amakhala ofiira ndi dothi. Dothi limatchinga kuwala, komanso limanyamula mankhwala monga cypermethrin amene sakonda kusungunuka m'madzi. Siyani madzi m'mgolo usiku wonse kuti adikhe. Ngati sakuyera, thirani alamu: yambani ndi magalamu awiri pa malita 40, wosungunula kale m'kapu, takasani mwamphamvu mphindi imodzi, kenako pang'onopang'ono mphindi khumi, musiye maola awiri. Tsanulani apamwamba kudzera mu sefa yamchenga. Muyeso wosavuta ndi uwu: dzazani botolo loyera la malita 1.5, liimikeni pa mutu wankhani wa nyuzipepala, muyang'ane kuchokera kukamwa kwake. Zilembo zikapanda kuoneka bwino, madzi sanakonzeke. Matope otsala pansi pa mgolo ndi apoizoni. Aumitseni pamalo otchingidwa, asungidwe m'chidebe chotseka pamodzi ndi zinyalala zina za mankhwala.

Ena angafunse za njere za cham'mwamba, chimene kuno ambiri amati sangowa. Zimadikhitsadi matope, koma zimasiya m'madzi zinthu zake zosungunuka, ndipo tizidutswa taukali tija sitisankha: tidzataya mphamvu pa sangowa m'malo mwa poizoni. Pa ntchito iyi alamu ndiye woyenera. N'chimodzimodzinso sopo. Wotsuka masipuleya asachulutse sopo.

Madzi akaoneka ngati mkaka, ndiye kuti muli mankhwala ambiri a mtundu wolembedwa EC pa botolo, amene amabwera ndi mafuta ake. Kuwala sikudutsa mumkaka. Onjezani madzi amvula mpaka muzitha kuona chala chanu mukachimiza. Njirayi imayenda bwino pamene mankhwala ali mamiligalamu makumi angapo pa lita, osati magalamu.

Za mchere. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, izi aliyense wa kuno amazidziwa ndi lilime. M'madzi otere muli chloride ndi bicarbonate. Bicarbonate amalanda tizidutswa taukali. Chloride amakhala pakhungu pa ufa n'kutseka malo ogwirira ntchito, makamaka madzi akakhala ndi asidi wambiri. Njira yotchipa kuposa zonse ndi kupewa: kololani madzi amvula padenga la shedi, muziwasunga kuti azitsukira masipuleya okha. Thanki imodzi yamvula imapulumutsa maola ambiri a pampu.

Ngati mulibe kuchitira mwina koma madzi a pa mjigo, chotsani bicarbonate motere. Sungunulani asidi watsopano wa batire, gawo limodzi m'magawo khumi a madzi. Asidi ndiye athiridwe m'madzi, osati madzi mu asidi, ndipo magolovesi ndi magalasi oteteza maso akhale ovala. Asidi wochotsa m'batire yakale ayi, muli mtovu wa lead. Dontheterani m'mgolo mukutakasa mpaka pepala loyezera pH, muyeso wa asidi m'madzi, lionetse pakati pa 4 ndi 4.5. Yendetsani pampu ya makina a mu Gawo 3 mphindi 30 madzi akugwa ndi thovu kuti carbon dioxide atuluke. Kenako kwezani pH ifike cha pa 6 ndi kositiki soda wosungunula kwambiri. Musagwiritse soda wophikira therere, ameneyo ndi bicarbonate yemweyo amene mwangomuchotsa. Chloride sachoka ndi njira iyi. Njira yake ndi kusakaniza ndi madzi amvula basi.

Gawo 3: Kumanga riyakita, makina ophwanyira poizoni padzuwa

Kamangidwe kamene kanayesedwa kwambiri, makamaka ku Plataforma Solar de Almería ku Spain, ndi ka machubu agalasi ogona pamwamba pa malata a aluminiyamu opindika. Malatawo amapindidwa ngati chilembo W chozungulira, chubu chili pakati, kuti kuwala kophonya chubu kubwerere kunsi kwake. Ubwino wake ndi wakuti amatola ndi kuwala komwazika ndi mitambo komwe, ndipo safuna kutembenuzidwa kutsatira dzuwa.

Pa malita 40 mufunika izi:

- machubu 10 a galasi la borosilicate, lililonse lotalika mamita 1.5, m'mimba mwake mamilimita 32;
- malata a aluminiyamu wonyezimira, mpata wa chubu lililonse masentimita 10 m'lifupi;
- mgolo wapulasitiki wa malita 60 wokhala ndi chivindikiro;
- pampu ya 12V yotha kukankha malita 15 mpaka 20 pa mphindi, ndi sola yake;
- mapaipi akuda a HDPE ndi zolumikizira, mavavu awiri, ndi kampopi kotengera madzi oyesa;
- felemu yachitsulo kapena yamatabwa.

Machubu khumiwa amatenga malo okwana 1.5 sikweya mita, ndipo lililonse limasunga pafupifupi lita imodzi. Ndiye kuti pa malita 40, malita 10 okha ndiwo ali padzuwa nthawi iliyonse. Maola anayi a pa wotchi ndi ola limodzi la kuwala pa dontho lililonse. Kumbukirani izi mukamayerekeza ndi zimene munaona m'mbale, mungaganize kuti makina afa pamene ali bwinobwino.

Galasi la borosilicate limalola UV wambiri kudutsa kuposa la pawindo. Chubu la pulasitiki wamba limachita chikasu padzuwa n'kuyamba kutchinga kuwala, komanso mankhwala ena amalowerera m'pulasitikimo. Kalirole wa m'nyumba sathandiza kwenikweni, chifukwa kuwala kumadutsa galasi lake kawiri ndipo UV wambiri amathera momwemo. Aluminiyamu ndiye amabweza UV bwino. Malata a denga opaka utoto iwalaniko.

Lumikizani machubu motsatizana, madzi atuluke m'limodzi alowe m'linzake. Pampu ikoke kuchokera pansi penipeni pa mgolo kuti ufa usaunjikane, ikankhire m'chubu la m'munsi, madzi akwere mpaka la pamwamba. Akamakwera chonchi mpweya sutsekeredwa m'machubu. Paipi yobwerera ithere masentimita 20 kapena 30 pamwamba pa madzi a m'mgolo kuti azigwa ndi phokoso. Ndimo okosijeni amalowera. Chivindikiro chikhale ndi kabowo kopumira, koma musasiye mgolo wosavindikira, mbuzi ndi nkhuku za kuno sizifunsa.

Chikwawa ili pafupifupi madigiri 16 kumwera kwa equator, Nsanje cha pa 17. Machubu agone kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, felemu ipendekere kumpoto ndi madigiri 15 kapena 16. Kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale dzuwa la masana limadutsa pamutu, mwinanso kupendekera kumwera pang'ono, choncho miyendo ya felemu ikhale yotsitsika kuti nyengo imeneyo igone pafupifupi chathyathyathya.

Malo akhale okwera, a simenti, okhala ndi kakhoma kozungulira kokwanira kusunga madzi onse chubu litasweka. Amene anaona madzi osefukira a 2015, kapena a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, safunika kuuzidwa chifukwa chake mgolo wa poizoni suyenera kukhala kudimba. Utalikirenso mjigo ndi chitsime.

Pali njira ina yotchipa, ya thireyi yotseguka imene madzi amayenderera mopyapyala. Imagwira, koma kuchigwa kuno sitiilimbikitsa: madzi amauma msanga, fumbi limagweramo, ndipo mankhwala ena amangouluka n'kupumidwa ndi woyendetsa makinawo.

Gawo 4: Kuyendetsa

Pukutani machubu ndi malata m'mawa uliwonse. Fumbi la Okutobala lokha limatha kudya gawo looneka la kuwala.

Phimbani machubu ndi lona. Thirani malita 40 a madzi okonzedwa, yatsani pampu, muone ngati pali podontha. Pimani magalamu 8 a TiO2, ndiwo magalamu 0.2 pa lita, pangani phala, thirani m'mgolo. Muyeso umenewu ndi wa machubu a kukula kotere. Ambiri amaganiza kuti ufa wochuluka ndiye liwiro, koma ukapitirira, njere za kunja zimatchingira zam'kati ndipo pakati pa chubu pamakhala mdima. Mungayese 0.1, 0.2 ndi 0.5 pa madzi anu, muone pamene liwiro lasiya kukwera.

Yendetsani mphindi 30 lona ili pompo, tengani madzi oyesa oyamba, kenako vundukulani. Maola aphindu ndi kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Masiku a chiperoni mu Juni ndi Julayi ntchito imayendabe, koma mochedwa. Utsi wa moto wa m'tchire mu Seputembala ndi Okutobala umachepetsanso UV ngakhale kunja kukuotcha.

Hydrogen peroxide amafulumizitsa ntchito chifukwa amathandiza okosijeni kutola maelekitironi. Wa ku famase wa 6 peresenti, mamililita 65 pa malita 40 amapereka pafupifupi mamiligalamu 100 pa lita. Thirani theka poyamba, theka lina pakatha maola awiri. Mukathira wambiri nthawi imodzi, iye yemweyo amayamba kulanda tizidutswa taukali.

Kutentha ndi nkhani ina. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40 mumthunzi, ndipo madzi otentha sasunga mpweya: pa madigiri 20 amasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita, pa madigiri 40 amatsika kufika cha pa 6.4. Mgolo ukhale mumthunzi, wokulungidwa ndi chiguduli chonyowa, ndipo mapaipi akuda aphimbidwe. Pampu isazime masana machubu ali padzuwa. Madzi oima amatentha kwambiri, zolumikizira zimafewa, ndipo ufa umakhazikika pansi pa chubu n'kuuma ngati laimu. Ikazima mwadzidzidzi, lona ibwerere pomwepo.

Mukaona mzere woyera pansi pa machubu pampu ikuyenda, liwiro lachepa. Onani sefa ya pampu, mpweya m'paipi, kapena mthunzi pa sola. Ufa ukasanduka wachikasu kapena wabulauni, khungu lake lakutidwa ndi zotsalira za mankhwala kapena dzimbiri la m'madzi a pa mjigo. Thovu lochuluka m'mgolo ndi sopo kapena mafuta a EC. Madziwo anafunika kusungunulidwa kwambiri. pH imatsika yokha ntchito ikamayenda, chifukwa chlorine, sulfur ndi phosphorus za m'mankhwala zimasanduka maasidi. Ichi ndi chizindikiro chabwino, koma ikatsika pansi pa 4 ikwezeni pang'ono.

Gawo 5: Mudziwa bwanji kuti zatha?

Fungo kutha kapena mtundu kuchoka si umboni. Molekyu ikadulidwa koyamba imasanduka ina, ndipo inayo nthawi zina ndi yoopsa kuposa mayi wake. Dimethoate akayamba kuphwanyika amatha kusanduka omethoate, amene ndi waukali kwambiri. Kuzimitsa makina pakati pa ulendo kungakusiyireni madzi oipa kuposa amene munayamba nawo. Atrazine naye ali ndi khalidwe lake: TiO2 imamuphwanya mpaka pa cyanuric acid n'kuima pomwepo. Mwayi wake ndi wakuti ameneyo alibe ukali ngati wa atrazine.

Choncho ulendo woyamba wa mtundu uliwonse wa madzi uyesedwe ku labotale. Tengani madzi pa chiyambi, pakatha tsiku limodzi, awiri ndi atatu a dzuwa. Aikeni m'mabotolo agalasi akuda, odzaza mpaka kukamwa, ufa utadikha kapena utasefedwa, ndipo ayende m'bokosi la ayezi. Pemphani muyeso wa COD, woonetsa kuchuluka kwa zinthu zosaphwanyika zimene zatsala m'madzi, ndipo ngati n'kotheka wa mankhwala enieniwo. Madipatimenti a chemistry a m'mayunivesite ku Blantyre, Zomba ndi Thyolo, komanso Malawi Bureau of Standards, ndi malo oyambira kufunsa. Zotsatira zake ndizo zikuuzeni masiku oyenera kuyendetsa, ndipo pa masikuwo onjezanipo limodzi.

Pakati pa maulendo a ku labotale, anyezi amathandiza. Tengani anyezi ang'onoang'ono ofanana, chotsani mizu yakale, akhazikeni pakamwa pa timabotolo matako ake akukhudza madzi: asanu pa madzi amvula, asanu pa madzi osakonzedwa, asanu pa okonzedwa amene pH yake mwaibwezera pa 7. Asungeni mumdima masiku atatu kapena anayi, muziwonjezera madzi, kenako pimani mizu ndi rula. Mizu ya m'madzi okonzedwa ikakhala yaifupi kuposa ya m'madzi amvula, bwezerani madziwo padzuwa. Koma anyezi si nsomba ndipo si tizilombo. Amamva bwino mankhwala opha udzu, pamene ophera tizilombo angadutse osawaonetsa. Akakana, khulupirirani, akavomera, musadalire iwo okha. Anyeziwo akwiriridwe, asalowe m'ndiwo.

Gawo 6: Kubweza ufa ndi kutaya madzi

Tsitsirani madzi onse m'mgolo, ikani pH pakati pa 6.5 ndi 7, musiye usiku wonse. Pa pH imeneyi njere za TiO2 zimasiya kukankhana, zimagwirana n'kumira. M'mawa kokani madzi apamwamba ndi kapaipi mosagwedeza, adutse pa sefa yamchenga. Phala lotsala pansi ligwiritsidwenso ntchito; onjezani galamu imodzi kapena awiri kubwezera wotayika. Likachita bulauni, liyendetseni tsiku limodzi padzuwa m'madzi amvula okhaokha ndi peroxide pang'ono, nthawi zambiri limayeranso. Amene ali ndi ng'anjo ya labotale angaliwotche pa madigiri 400 mpaka 450. Pa mbaula ayi, chifukwa moto ukapitirira madigiri 600 anatase amayamba kusanduka rutile ndipo ufa umafooka osabwereranso.

Ena amamata ufawu pa galasi kapena matailosi kuti asavutike ndi kudikhitsa. Zimachepetsa ntchito, koma liwiro limatsika chifukwa khungu logwira ntchito ndi lochepa, ndipo madzi a laimu amalikuta msanga.

Madzi okonzedwawo sakumwa, sakuphikira, sakumwetsa ziweto, ngakhale labotale itanena kuti mankhwala sakuoneka. Ntchito yake yabwino ndi kubwerera kumene anachokera: atsukirenso masipuleya, kapena asakanizire mankhwala a ulendo wotsatira wopopera thonje. Mwa njira imeneyi madzi omwewo amazungulira nyengo yonse, koma mchere umaunjikana pang'onopang'ono. Muziyesa mbale ya methylene blue ndi madziwo kamodzi pa mwezi. Nthawi yoyera ikafika kawiri poyerekeza ndi ya madzi amvula, sakanizani theka ndi theka ndi a m'thanki yamvula, ndipo mulembe tsikulo m'kope la makina pamodzi ndi pH, maola a dzuwa ndi kutalika kwa mizu ya anyezi.